Galimoto Yopanda Vuto

"Ndiye mukuti tigulitse puloti, tigule galimoto ya zitseko ziwiri?" anafunsa a Telala, phazi likupondabe makina. "Ana athu atatu azilowera pawindo?"

"Kumbuyo kuli mpando. Mumangopinda wakutsogolowu, munthu n'kulowa."

"Muzidzawapindanso anawo."

A Chifatse sanaseke. Anali atakhala pabenchi ya makasitomala pakhonde, nsapato zili mbuu ndi mchenga, foni ili m'manja. Chibwerere kuntchito anali atawaonetsa akazi awo chithunzicho kangapo konse: galimoto yotsika ngati yagwada, yabuluu woderako, matayala otambalala. Anayambanso kufotokoza kuti galimoto yotere sikhala chabe, a maukwati azidzaichita hayala, ndipo pasanathe zaka zambiri adzagula puloti ina yoposa iyi. A Telala anadula ulusi ndi mano n'kufunsa mtengo. Atautchula, makina anaima.

"Bambo a ana, umenewo ndi mtengo wa kagalimoto kotopa konyamulira makabichi. Munandiuza nokha kuti tayala limodzi la galimoto zoterezi ndi malipiro anu a mwezi. Mwiniwakeyo wapenga, kapena akuona kuti openga ndife?"

A Chifatse anati mwiniwake ali kunja kwa dziko, akufuna ndalama mwamsanga, ndipo akugulitsayo ndi mng'ono wake. Akazi awo anati nkhani imeneyo anaimvapo kwa wogulitsa aliyense wa chinthu chakuba. Ngati siyakuba ndiye kuti inamira m'madzi, kapena ndi zidutswa za galimoto ziwiri zangozi zimene anangozilumikiza n'kupaka penti. Anawakumbutsanso kuti puloti ija inatuluka m'mayunifomu a sukulu amene anasoka mpaka msana kukana, ndiponso kuti pamalo pamenepo iwo anali ataonapo kale chipinda chosokera cha windo lalikulu, kuti asiye kusokera pakhonde la nyumba ya lendi.

Bamboyo anaika foni m'thumba. Dzina loti Chifatse anawapatsa ndi madalaivala anzawo, chifukwa pamsewu sankapupuluma, ngakhale wanjinga ankatha kuwapitirira pachitunda. Polankhula analinso choncho.

"Mayi a ana, ine ndinayamba kuyendetsa galimoto ndilibe imvi. Ndayendetsa bwana wa kampani ija mpaka kampaniyo inatsekedwa. Ndayendetsa mkazi wake, ndayendetsa agalu ake kupita kokabayitsa. Lero ndikuyendetsa mchenga wa eniake. Sindinatembenuzepo kiyi n'kupita kumene mtima wanga ukufuna. Bwana uja anali ndi galimoto ngati iyi. Ndinkaitsuka m'mawa uliwonse, ndinkailiza kuti injini itenthe, iye akatuluka ine n'kumupatsa kiyi. Kulira kwake ndimakumvabe m'chifuwa muno."

A Telala anati achimwene awo, amene ndi makanika, akaione kaye. Akakapeza vuto ngakhale limodzi, nkhaniyo ithere pomwepo ndipo chithunzicho chifufutidwe mufoni. Akakapanda kupeza, adzakhala pansi n'kukambirana.

Galimotoyo inkasungidwa m'shedi ya malata kuseri kwa sitolo ya zipangizo zomangira. Wogulitsayo anthu ankangomutchula kuti Chipewa, chifukwa chipewa chake sichinkachoka kumutu ngakhale akudya. Anatsekula shediyo akuyang'anayang'ana kumsewu, n'kuuza a Chifatse ndi makanika kuti afulumire chifukwa ogula ena akubwera masana.

Makanika uja sanafulumire. Anali munthu wa thupi, wosakonda kulankhula akamagwira ntchito. Anatsekula boneti, anasolola kachitsulo koonera oyilo, anatikita oyiloyo pazala n'kununkhiza. Anachotsa kapeti, anagwada n'kununkhizanso pansi kuti amve fungo la matope. Analowa kunsi ndi tochi kufunafuna pamene anawotcherera. Anayendetsa chala m'mphepete mwa zitseko kuti aone ngati penti ikusiyana. Anafananitsa nambala za pa injini ndi za pamapepala. Anayang'ana kutha kwa mapedulo ndi chiwongolero kuti aone ngati zikugwirizana ndi mtunda umene galimotoyo inkati yayenda. Pomaliza anauza alamu awo kuti aiyatse.

A Chifatse anakhala pampando wachikopa, anatembenuza kiyi. Malata a shediyo ananjenjemera. Iwo anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osaponda chilichonse, maso ali gwa kutsogolo kumene kunali khoma. Munkamveka kafungo kabwino kamene anaganiza kuti ndi ka chikopa. Makanika anachita kugogoda pawindo kuti azimitse.

Pobwerera, makanikayo anatembenukira kwa a Chifatse.

"Alamu, galimoto ija ilibe vuto."

"Ndiye bwanji nkhope yagwa choncho?"

"Chikundiopsa ndi chimenecho. Ikanakhala yowola ndikanamvetsa mtengowo. Ija wina ankaikonda. Munthu woikonda choncho saigulitsa pamtengo wa makabichi."

Kunyumba a Chifatse anangonena mbali yoyamba yokha. Achimwene a a Telala ananena zonse ziwiri, koma pangano linali pangano. Masiku otsatira m'nyumbamo munali bata losasangalatsa. Mwini golosale wa pafupi, amene ankaisirira puloti ija kuyambira kale, anayamba kubwera kudzacheza popanda chifukwa. A Telala ankamupatsa moni n'kupitiriza kusoka. Tsiku lina anapita okha kukaona puloti, anazula udzu pamene panayenera kudzakhala windo lija, anakhalapo pang'ono, n'kubwerera. Atafika anauza amuna awo kuti sawaletsanso. Anati atopa kukhala mkazi amene amangokana, ndipo sanaonepo nkhope ya amuna awo ikuwala ngati mmene inkawalira akamayang'ana chithunzi chija. Anangopempha kuti akaiyendetse kaye pamsewu asanasaine chilichonse ndi wagolosale.

Chipewa anavomera monyinyirika, nayenso anakwera. Anawauza misewu yoti adutse ndi yoti asadutse, akuti ina ili ndi maenje. A Chifatse ankayendetsa ngati anyamula mazira. Galimotoyo inkamva chilichonse, chala chikangosuntha nayo yasuntha. Anthu m'mbali mwa msewu ankatembenuka kuiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba iwo sanamve ngati akuyang'ana bwana amene wakhala kumbuyo. Asanapite patali kanyali ka petulo kanayaka, ndipo anakhotera pamalo omwetsera mafuta amene anali pafupi. Chipewa anatsika kukagula fodya m'kasitolo ka pomwepo.

Mayi wothira petulo anaiyang'ana galimotoyo, anayang'ana nambala, n'kuwerama pawindo.

"Pepani ndi maliro a adokotala, bambo. Ndinu achibale?"

A Chifatse anafunsa kuti adokotala ati. Mayiyo anati adokotala a mano, eniake a galimotoyi, amene ankamwetsa pamenepo nthawi zonse ndipo anamwalira mwadzidzidzi miyezi ingapo yapitayo. Anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti akazi a malemuwo anathamangitsidwa panyumba maliro atangotha, ndipo anabwerapo wapansi kudzafunsa ngati wina waionako galimotoyi. Pano akukhala kwa mchemwali wawo, kuseri kwa sukulu ya pulaimale, nyumba ya geti lobiriwira. Ataona Chipewa akutuluka m'sitolo, mayiyo anaongoka n'kuyamba kupukuta galasi.

Ulendo wobwerera a Chifatse sanaumve kukoma. Kafungo kaja kanali kakadalipo, ndipo tsopano anazindikira kuti sikanali ka chikopa. Anali mafuta onunkhira a munthu.

Sanauze aliyense. Ankapita kumtsinje kukapakira mchenga, ankakatsitsa, ankabwerera, mutu uli pa nkhani imodzi. Ankadziuza kuti za pabanja la eni sizikuwakhudza, kuti mapepala ali bwinobwino, kuti akapanda kugula iwo agula wina ndipo mayi wamasiyeyo sapindulabe kanthu. Mfundo zonsezo zinali zoona, koma chakudya sichinkatsika. Chipewa ankaimba foni m'mawa ndi madzulo. Wagolosale anatumiza uthenga kuti iye ndi wokonzeka.

A Telala anaona kuti amuna awo asiya kutulutsa chithunzi chija. Lamlungu masana, ana atapita kosewera, anawafunsa kuti galimoto yawo yadwala chiyani. A Chifatse anazungulirazungulira, kenako anafotokoza zonse. Pomaliza anawonjezera, mawu ali pansi, kuti mwina akhoza kugulabe, n'kudzamupatsako kenakake mayiyo hayala ikayamba kuyenda.

Akazi awo anavula magalasi.

"Bambo a ana, ndifunse. Inu mutagona lero osadzuka, achimwene anu aja adzabwera ndi lole?"

"Musalankhule choncho."

"Ndikufunsa. Makinawa adzandisiyira? Bedi? Ndiye tiyerekeze atenga makinawa, akukagulitsa motchipa kuseri kwa sitolo. Pabwere bambo wina wabwinobwino, wopemphera, amene wakhala akulakalaka makina moyo wake wonse. Wamva kuti ndi a mkazi wamasiye. Agule?"

A Chifatse anati zimenezo n'zosiyana. A Telala anafunsa kuti zikusiyana pati. Bamboyo anakwiya, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anati aliyense m'dziko muno amatola mwayi wake pamene waupeza, koma iwo okha ndi amene ayenera kukhala oyera mpaka kumanda, kumayendetsa mchenga. Anati Mulungu anawaonetseranji galimotoyo ngati sankafuna kuti ikhale yawo. Anatuluka, anakaima kumpanda nthawi yaitali. Pobwerera anapeza akazi awo atavala kale nsapato zoyendera.

Mayi wamasiyeyo anawalandira m'kachipinda kakuseri, mmene munali matiresi, sutikesi ndi mpando umodzi. Anali mayi wa msinkhu wa a Telala, wolankhula mosamala. Anafotokoza kuti iye ndi amuna ake anakhala zaka zambiri koma mwana sanawapatse Mulungu, ndipo abale a mwamuna anatenga chimenecho ngati chifukwa. Maliro atangotha anabwera ndi lole ndi maloko atsopano. Anamuuza kuti analowa m'banjamo ndi sutikesi, atulukenso ndi sutikesi. Nkhani inali kale kukhoti, ndipo khoti linalamula kuti katundu asagulitsidwe mpaka mlandu utatha, koma galimoto inali itasowa. Apolisi anamuuza kuti akadziwa kumene ili adzawauze.

A Chifatse ankamvetsera atazolika. Mayiyo anati chodabwitsa n'chakuti galimotoyo iye sankaikonda n'komwe. Kuyendetsa sadziwa. Ankakangana ndi amuna ake chifukwa cha liwiro, ndipo nthawi zambiri ankakwera atatseka maso. Koma pa zinthu zonse zimene anatenga, imene amailota ndi imeneyo, chifukwa ndi mmene ankakhala awiriwiri popanda odwala, popanda abale, popanda foni.

Kenako anafunsa funso limene a Chifatse sankaliyembekezera.

"Munakweramo, bambo. Fungo lawo likadalimo?"

"Likadalimo, mayi."

Mayiyo anagwedeza mutu n'kuyang'ana kukhoma. A Telala anasendera pafupi n'kumugwira dzanja. Patapita kanthawi a Chifatse anatchula dzina la sitolo ya zipangizo zomangira ija, ndi kuti shediyo ili kuseri, ndi nthawi imene Chipewa amapezekako.

M'mawa mwake anaimbira Chipewa kuti akubwera kudzamaliza. Anafika ndi mayi wamasiye, wapolisi wa njinga yamoto akuwatsatira. Chipewa atawaona anayamba wayesa kutseka shedi, kenako anayamba kulalata. Anati malemuyo anali magazi ake, anakulira limodzi m'nyumba yodontha, ndipo banja lonse linadzimana kuti iye aphunzire udokotala. Anati mkazi wosabereka sangadye thukuta la mtundu wawo. Anthu anayamba kusonkhana. Ena ankang'ung'udza kuti akunena zoona, amayi ena ogulitsa zipatso pafupi anayamba kumukuwiza. Maso a mayi wamasiye anali m'shedimo. Wapolisi anauza Chipewa kuti zonsezo akanene kukhoti, n'kutambasula dzanja kuti apatsidwe kiyi.

Chipewa anaponya kiyiyo pansi, n'kutembenukira kwa a Chifatse.

"Ndimakupatsani mwayi umene simudzauonanso. Mudzafa mukuyendetsa mchenga, mdala."

"N'kutheka," anatero a Chifatse, n'kutola kiyi.

Panalibe wina woti ayendetse galimotoyo kupita kupolisi, choncho wapolisi anati aiyendetse iwo, iye azitsatira. A Chifatse anatsekulira mayi uja chitseko monga ankachitira ndi mabwana. Mayiyo anakhala, anatseka maso, anapuma mozama. Sanalire. Anangoika dzanja pamwamba pa giya, pamene mwina pankakhala dzanja lina, kenako analichotsa kuti dalaivala agwire.

Anatuluka pang'onopang'ono, anadutsa msika, anadutsa malo okwerera basi. Atafika pamsewu woongoka wa kunja kwa tauni, umene unalibe anthu kapena ziweto, mayiyo analankhula osatsekula maso.

"Iwo apa ankathamanga. Ndinkawakalipira. Thamanganiko pang'ono, bambo."

A Chifatse anayang'ana pagalasi, anayang'ana kutsogolo, n'kuponda. Galimotoyo inawakankhira kumpando ngati yakhala ikudikira. Mitengo inayamba kudutsa ngati mpanda, kulira kuja kunadzaza m'chifuwa mpaka m'mano, wapolisi ndi njinga yake anasanduka kadontho pagalasi. Zinatenga nthawi yochepa kwambiri. Atawona chikwangwani cha mphambano anachotsa phazi, galimoto n'kubwerera mwakale. Atayang'ana kumbali anaona mayi uja akuseka, misozi ikutsika. Anaima pambali kudikira wapolisi, amene anafika atakwiya n'kuwauza kuti akanakhala tsiku lina akanawalipiritsa.

Galimotoyo anaiimika kuseri kwa polisi, mkati mwa mpanda wa waya, pakati pa minibasi yophwanyika ndi mulu wa njinga zogwidwa. Kiyi anakamutsekera mu ofesi.

Wagolosale anakhumudwa, anasiya kubwera kudzacheza. Mlandu unaitanidwa, n'kuimitsidwa chifukwa mbali ina sinabwere. Unaitanidwanso, woweruza anali kumsonkhano. Mayi wamasiye anayamba kumabwera pakhonde la a Telala, poyamba kudzangocheza, kenako kumathandiza kusokerera mabatani. Za galimoto sankazitchula.

Njira ya kumtsinje sinkadutsa kupolisi, koma a Chifatse anayamba kuzungulira. Akafika pampanda paja ankachepetsa liwiro, lole yodzaza mchenga ikubuula, n'kusuzumira. Fumbi linali litayamba kukwirira buluu uja. Mbalame za mumtengo wa pamwamba pake zinali zitadetsa denga lonse. Tayala limodzi lakumbuyo linayamba kuphwa. Tsiku lina anatsika n'kukapempha kuti aziiliza kamodzikamodzi kuti batire isafe, koma wapolisi wa pakauntala anati kiyi ndi umboni, satuluka. Anawalola kungopukuta galasi. Madzulo ake anafotokozera akazi awo za mbalamezo, ndipo anazifotokoza nthawi yaitali kuposa mmene nkhani ya mbalame imafunira.

Masiku otsatira makina a a Telala ankalira ngakhale ntchito ya makasitomala itatha. Analumikiza zidutswa za nsalu yolimba zimene zinkatsala akamasoka zikwama za sukulu, zina zakuda, zina zobiriwira, zina zakhaki, ndipo mayi wamasiye ankapinda m'mphepete. Muyezo anachita kufunsa amuna awo mochenjera, kuti kodi galimoto ija kutalika kwake ingafike pati pakhondepa. Iwo anayeza ndi mapazi osaphonya, osafunsa chifukwa.

Loweruka a Chifatse ndi akazi awo anapita kupolisi, chinsalu chija atachinyamula pamutu a Telala. Wapolisi anaseka koma anawatsekulira geti. Anayamba atsuka ndi madzi a m'chigubu mpaka buluu uja anabwerera. Aka kanali koyamba a Telala kuiona ndi maso. Anaizungulira, anasuzumira pawindo, n'kunena kuti ndi yokongoladi, pamenepo sanganame.

Anayala chinsalucho kuyambira kumbuyo, wina mbali iyi wina mbali iyo, akukoka ndi kumanga zingwe kunsi. Chinakwana ngati anachita kuyeza ndi tepi. Denga linabisika, zitseko zinabisika, galasi lakutsogolo linabisika. Panatsala boneti ndi nyali ziwiri zija. A Telala anagwira nsonga yomaliza kuti akoke.

"Dikirani kaye, mayi a ana."

A Telala anayang'ana amuna awo, amene anali ataima manja ali kumbuyo ngati munthu woperekeza mlendo pa siteji ya basi. Anakhala pa tayala lakale limene linali pomwepo, nsonga ya nsalu ili m'manja, n'kudikira.